Goli Lokongola

Mkazi wina alikuthamanga atakumbatira khanda lace pacifuwa. Pofika pa citunda, cala cacikulu cabuluu cituluka m'mwamba nicimkankha, iye nagubuduka kufikira pansi. Adzuka, akweranso, ndipo cala cija cimkankhanso. Potsiriza dzanja limnyamula m'mwamba ndithu ndi kumtaya, ndipo mkaziyo afa, khanda lirikulira pambali pace. Pomwepo woonerera aona eni ace a dzanjalo. Ndiwo ana a zimphona amene anali kungosewera, ndipo cowadandaulitsa n'cakuti cidole cao caleka kuyenda.

Umu ndimo ayambira kanema wa zithunzi zojambula pamanja wochedwa La Planète sauvage, amene m'Cingerezi amamucha Fantastic Planet. Anamupanga René Laloux pamodzi ndi mmisiri wa zojambula Roland Topor, onse awiri a ku France, koma nchito ya kuyendetsa zithunzizo inacitikira ku Prague, m'dziko limene masiku amenewo linali kuchedwa Czechoslovakia. Kanemayo anatuluka m'caka ca 1973, nalandira mphotho yapadera pa cionetsero ca ku Cannes caka comweco. Papita zaka zoposa 50, koma mlandu wace sunathe, pakuti pali magulu awiri a anthu amene akumlakwira kufikira lero. Gulu loyamba limangoseka, niliti izi ndi zidole zosangalatsa ana, kapena kuti ojambulawo anasuta camba. Gulu laciwiri ndi la anthu ophunzira, amene amati zimphonazo ndi Russia, tianthu tating'onoto ndi a Czech, ndipo nkhani yathera pompo. Oyambawo alakwa mwa ulesi cabe, ndipo nthenda yao icizika msanga. Aciwiriwo ndiwo obvuta, cifukwa amamuyamika kanemayo ali kumukumbira manda.

Nkhani yace mwacidule iri motere. Pa dziko lina la kumwamba lochedwa Ygam pakhala zimphona zochedwa Draag, za khungu labuluu ndi maso ofiira ozungulira. Zimphonazi zinatenga anthu ku dziko lapansi lino nkuwasandutsa ziweto, ndipo zimawacha Om, dzina locokera ku liu la m'cinenero ca ku France lotanthauza anthu. Munthu wamkulu akwana bwino lomwe m'cikhatho ca Draag. Ena amawetedwa m'nyumba monga tiagalu, ena anathawira kuthengo naswana kumeneko, ndipo awa amaphedwa pa nyengo zoikika monga makoswe a m'nkhokwe. Khanda lija la mai wakufayo linatoledwa ndi Tiwa, mwana wamkazi wa Sinh, mmodzi wa akulu a dzikolo, ndipo analicha Terr.

Kwa iwo oseka, yankho siliri lalitali. Palibe angakane kuti kanemayu ndi wacilendo. Muli cirombo cokhala m'khola cimene cimagwira tizirombo touluka, kutigwedeza, kutiponya pansi ndi kuseka cikhakhali popanda kudyako n'kamodzi komwe. Muli miyala yowala yomera ngati bowa, imene isweka munthu akaiimbira mluzu. Zithunzizo ziyenda modukiza, cifukwa zinapangidwa ndi mapepala odulidwa ndi kusendezedwa pang'onopang'ono pamaso pa kamera. Koma cilendoco ciri ndi nchito. Ojambulawo akadabveka wopondereza yunifomu ya dziko lodziwika, woonerera ali yense akadafulumira kunena mumtima kuti, awa ndi aja, si a kwathu ai, nakhala pansi mtima uli m'malo. Khungu labuluu liribe mwini, cotero palibe angalikane ndipo palibe angalilozere mnzace. Thupi limene woonerera alizindikira kuti ndi lace ndi la ciweto cija. Mzungu wa ku Paris ndi Mmwenye wa ku Bombay, onse pamodzi, kwa mphindi zoposa 70 ali m'cikhatho ca wina. Agogo amene anali kusimba za Kalulu ndi Mkango usiku pamoto sanali kuphunzitsa ana za nyama za m'thengo, ndipo mfumu yankhanza yomva nthanozo inalibe poimbira mlandu, popeza dzina lace silinachulidwe. Munthu wokulira m'nthano zotere akati zithunzi zojambula nzacibwana, wanyoza agogo ace.

Ndiponso Laloux sanaphunzire luso limeneli m'nyumba ya masewero a ana. Anayamba pamene anali kugwira nchito pa cipatala ca odwala maganizo ca La Borde, ndipo m'caka ca 1960 anapanga kanema wamfupi, Les Dents du singe, kucokera ku nkhani imene odwalawo anaipeka okha. Anazolowera kumvera anthu amene ena amawaweruza osawafunsa.

Tsono gulu laciwiri lija liyenera kumvedwa mofatsa, pakuti mau ao ali ndi coonadi cina. Usiku wa pa 20 August 1968 akasinja a Soviet Union ndi a maiko ogwirizana nayo analowa m'Czechoslovakia kukathetsa ufulu umene boma la Alexander Dubček linali kuyesa kupatsa anthu, ndipo nchito ya kanemayu inacedwa m'zaka zamabvuto zotsatira. Amisiri a ku Prague pojambula zimphona zoponda anthu sakadalephera kukumbukira zimene anaziona m'miseu ya kwao. Nyumba yomwe anagwiriramo nchito inali kuchedwa ndi dzina la Jiří Trnka, mmisiri wamkulu wa zidole, amene m'caka ca 1965 anapanga kanema wamfupi wochedwa Ruka, ndiko kuti Dzanja. M'menemo woumba mbiya afuna kungoumba kamphika ka duwa lace, koma Dzanja lalikulu lilowa m'nyumba mwace nilimuuza kuti aziumba cifaniziro ca Dzanjalo. Liyamba ndi mphatso, kenaka liopseza, potsiriza limmanga zingwe, limtsekera m'khola ndi kumbveka mamendulo. Iye athawa, nafera m'nyumba mwace pamene mphika wa duwa womwewo umgwera pamutu, ndipo Dzanja limkonzera maliro aulemu. Trnka anamwalira m'caka ca 1969, ndipo boma limene linamlemekeza linaletsa kanemayo kwa zaka pafupifupi 20. Cotero Prague alimo ndithu m'nkhaniyi.

Koma makalata a zaka sanama. Laloux ndi Topor sanapeke nkhani ya Draag ndi Om. Anaitenga m'buku lochedwa Oms en série, limene analemba Stefan Wul, dotolo wa mano wa ku France, nilituluka m'caka ca 1957, zaka 11 akasinja asanafike ku Prague. Mwana sangabadwe atate wace asanabadwe. Ndipo Topor anali nazo zace zokumbukira. Iye anabadwa mu 1938 kwa makolo Aciyuda ocokera ku Poland, ndipo pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anabisidwa ku Savoy akali kamwana kuti asagwidwe. Pamene munthu wotere ajambula makina omwaza utsi waululu pa anthu othawa, kulibe cifukwa coyang'anira ku Moscow kokha. Mankhwala ochedwa Zyklon B, amene anapha nao anthu ku Auschwitz, poyamba anali mankhwala ophera tizirombo.

Cimene cimkondweretsa munthu wophunzira m'mau aja akuti ndi Russia, n'cakuti Soviet Union inagwa mu 1991. Ngati zimphona ndi Russia wa masiku aja, ndiye kuti zimphona zinafa, ndipo kanemayu angaikidwe pa shelefu pamodzi ndi zinthu zakale zoyenera kusirira. Akulu anati caona mnzako capita, mawa ciona iwe. Koma ophunzirawa agwira theka loyamba la mwambiwo, nataya linalo.

Cimene kanemayu anena ciri pa khosi la Terr. Tiwa samuda Terr. Amkonda kwambiri, ndipo cikondi cace si cacinyengo. Amdyetsa, amsisita, ambveka tizobvala toseketsa, ndipo pamene atate wace amcenjeza kuti asamalire ciweto cace, iye amvera. Tsiku lomwelo limene Terr alowa m'nyumbamo, abvekedwa mkombero wa m'khosi, ndipo Tiwa apatsidwa cigwinjiri ca padzanja. Akakhudza cigwinjirico, Terr akokedwa cagada kubwerera kwa mbuye wace, ngakhale ali patali cotani. Goli la akapolo limene makolo analidziwa linali mtengo wa mphanda, lolemera, ndipo wolibvala ndi wolibveka onse anadziwa cimene liri. Goli la Terr ndi lopepuka ndi lokongola, ndipo wolibvekayo ayesa kuti ndi cisamaliro. Tiwa akadafunsidwa, akadayankha ndi mtima woona kuti Terr wace sasowa kanthu. Ana anzace amatenga ziweto zao nazimenyanitsa kuti aseke, osaganiza kuti acita coipa ciri conse.

Zimphonazo sizibangula, sizitukwana, ndipo m'kanema monse siziledzera ndi mwazi. Ndi anthu ofatsa, aulemu, anzeru zakuya, amene amatha nthawi yambiri ali cete kusinkhasinkha. Apa ndipo kanemayu aposa akanema ambiri onena za nkhanza, amene amajambula wopondereza wa maso oopsa ndi cikoti m'manja, kotero kuti munthu wabwino ali yense atuluka m'holo atatsimikiza kuti iye sali wotero. Kupha kwa a Om kukambidwa pa bwalo la akulu pamodzi ndi nkhani za makina ndi za cuma, monga mutu umodzi wa msonkhano pakati pa mitu ina. Kuphako kuli ndi dzina lace la mu ofesi, lopangidwa mofanana ndi liu limene a ku France anena pofuna kuchula kuthetsa makoswe m'nyumba. Munthu ali yense wodziwa za m'maofesi a boma adziwa mphamvu ya mau otere. Liu lozizira likalembedwa pamwamba pa pepala, kalaliki amalemba, wamkulu amasaina, wa sitolo amatulutsa katundu, ndipo palibe mmodzi mwa iwo wapha munthu. Pa bwalo lomwelo pamveka kuti ku dziko lakwao la a Om kunapezeka zizindikiro zakuti kale anali ndi midzi yao ndi nzeru zao. Akuluwo amva, nakambirana mwaulemu, napitiriza dongosolo lija. Ku Rwanda mu 1994 wailesi inayamba yacha anthu mphemvu, zikwanje zinadza pambuyo.

Tsono cigwinjiri ca Tiwa ndi utsi waululu zicokera ku ganizo limodzi, lakuti Om ndi nyama. Nyama yokondweretsa iwetedwa, yosautsa iphedwa, ndipo mwini ndiye asankha. Woweta sangadzitame kuti aposa wakupha, popeza onse awiri amwa pa citsime cimodzi.

Pali mbali ina imene iyenera kukhudza makamaka anyamata ndi asungwana amene angomaliza sukulu. Ana a Draag saphunzira kwa mphunzitsi. Abvala cipangizo kumutu cimene cimathira nzeru molunjika m'bongo. Tiwa akonda kuphunzira atagwira Terr m'dzanja, ndipo cifukwa ca colakwika cina m'mkombero uja, maphunzirowo alowanso m'mutu mwa Terr. Palibe anafuna kumphunzitsa. Nzeru zinamfika mwangozi, kudzera m'goli lomwe lija. Atakula athawa, ndipo pothawa akoka cipangizoco, cimene kwa iye ciri ngati denga la nyumba, nafika naco kwa a Om a kuthengo okhala m'mtengo waukulu m'munda wosiyidwa.

Kumeneko samlandira ndi nthungululu. Amseka cifukwa ca zobvala zace za ciweto, ndipo sing'anga wa pfukolo amuda, nati nzeru za Draag nzoipa, kotero kuti Terr ayenera kumenya nkhondo ya imfa asanaloledwe kuphunzitsa. Ambiri poonerera amamuyesa sing'angayu citsiru. Kumeneko n'kufulumira. Iye anali ataona kale a Om obvala mikombero, ndipo pamene tsiku la kupha lifika, amene atsogolera zimphona kununkhiza mobisala anzao ndi a Om oweta, obvekedwa zophimba kumaso kuti utsi usawaphe. Munthu wocokera m'nyumba ya mbuye, wolankhula cinenero ca mbuye, angakhale Terr, angakhalenso galu wosaka, ndipo poyang'ana nkhope palibe angasiyanitse. Kusiyana kuoneka pa cinthu cimodzi cokha, ndico kumene apita naco cipangizo cija. Terr sanacisunge kuti akhale womasulira wa pfuko, wolipidwa pa liu liri lonse. Anaciika pakati, onse nabvala, ndipo pamene zimphona zinalemba pa khoma cidziwitso ca tsiku la kupha, panapezeka maso ocidziwa kuwerenga. Zimphonazo zinalemba poyera popeza sizinaganizeko kuti makoswe awerenga.

Owerenga a m'Zambia safuna womasulira pa mfundo imeneyi, ngakhale kanemayu sanapangidwe ndi dziko lao m'maganizo. M'masiku a Northern Rhodesia anthu a m'makomboni a ku Migodi anali kuonerera baisikopo pabwalo usiku, koma akanemawo anali kuyamba apyola m'manja mwa bungwe loyesa zoyenera kuonedwa ndi anthu akuda, ndipo mbali zambiri zinali kudulidwa kufikira nkhani yosamveka mutu wace. Odulawo sanadziyese ankhanza. Anati alikuteteza anthu osakhwima maganizo ku zithunzi zimene sangazimvetse. Agogo a owerengawa anayenda ndi citupa m'thumba, nagula nyama pa kazenera ka kumbali kwa sitolo, ndipo ambiri a iwo opereka nyama pa kazenerapo anali anthu opemphera, okonda ana ao, ena okondanso anchito ao a m'nyumba monga Tiwa akonda Terr. Koma wowerenga asagwe m'mbuna yomwe ija ya ophunzira, kunena kuti tsono zimphonazo ndi atsamunda, ndipo atsamunda anapita mu 1964. Mwana wamasiye wotengedwa kumudzi kukalera ana m'tauni, wodyetsedwa bwino, wobvekedwa zotsala, wosatumizidwa ku sukulu, amene mai wa nyumba amanena za iye kwa alendo kuti ndi mwana wathu ndithu, ali m'dzanja la munthu wa khungu lofanana ndi lace.

Kanemayu ali ndi colakwa cace, ndipo kumbisira colakwaco sikumcitira ulemu. Mathero ace afulumira ngati munthu wothawa mvula. Opulumuka pa kupha kuja, atagwetsa Draag mmodzi ndi zingwe ndi mbedza namupha, atsogozedwa ndi nkhalamba yaikazi ya pfuko lina kunka ku malo osiyidwa osungirako maroketi. Kumeneko amanga zombo ziwiri nauluka kunka ku mwezi wa Ygam, napeza mafano akuluakulu opanda mitu. Apo ndipo cinsinsi ca kusinkhasinkha kuja cionekera: mizimu ya zimphona imauluka kudzatera pa mafanowo ndi kubvina ukwati ndi alendo a maiko ena a kumwamba, ndipo moyo wa mtundu wonse wa Draag utsamira pa gule ameneyu. A Om aphwanya mafanowo, zimphona zigwidwa ndi mantha, ndipo m'kamphindi bwalo lipempha mtendere. Zonsezi zicitika m'mphindi zowerengeka, pamene ukapolo wa Terr unapatsidwa nthawi yokwanira kuti woonerera aumve m'mafupa. Mlandu wa akufa sukambidwa. Palibe afunsa za mai uja wa pa citunda. Kupangana kwa mitundu iwiri imene umodzi unali kupha unzace ndi nchito yaitali ndi yowawa koposa kumanga roketi, ndipo ojambulawo anailumpha.

Komabe ngakhale m'kufulumirako sananame pa cinthu cimodzi. Zimphonazo sizinalape. Sinh, amene analankhula mofatsa za a Om kuyambira kale, amvedwa pokhapo pamene mafano ayamba kugwa. Nzeru za a Om zinalipo pamene anali kuwerenga zolembedwa pa khoma, ndipo misozi yao inalipo ciyambire, koma bwalo linawayesa anthu tsiku limene linaona kuti akhoza kuononga. Amene afuna kanema wonena kuti mtima wa wopondereza usungunuka poona kubvutika kwa wopsinjika ayenera kukafuna kwina.

A Om apatsidwa mwezi wopangidwa ndi manja kuti ukhale kwao, ndipo uchedwa ndi dzina lokumbutsa dziko la makolo ao. Woonerera amva zimenezi kucokera m'cipangizo ca maphunziro, pamene mwana wina wa Draag alikuphunzira phunziro lace. Mau ace ndi omwe aja ozizira, osakwera ndi osatsika, amene anali kuphunzitsa Tiwa za nyengo ndi za maiko pamene Terr anali m'dzanja lace.